Kontrakiti yoyeza magazi a ogwira ntchito m'fumbi la beryllium: tingangopatsa wotchipa?

Wa Zogula:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili mu ofesi yogula katundu ndi ntchito pa kampani ina yomwe ili ndi kontrakiti ya boma kuno ku America, ndipo patebulo panga pagwa fayilo yoyeza magazi a anthu athu omwe amakhudzana ndi beryllium, chitsulo chomwe fumbi lake limatha kuwononga mapapo, kuyeza kuja amati BeLPT. Adokotala a pakampani akakamira labu yomwe akhala akutumizako chaka ndi chaka, zoti tiitane ena adzapikisane sakufuna n'kumva komwe. Ine anandilemba ntchito kuti ndalama za boma zisamangoyenderera kwa mmodzi. Magazi si magazi basi? Chovuta n'chiyani kuti wotchipa atenge?

Wa mu Labu:
Achimwene, magazi ake si ngati oyezera shuga aja. Pa BeLPT sitisaka beryllium m'magazi ayi. Timafuna kuona ngati chitetezo cha m'thupi mwa munthu chayamba kulimbana ndi chitsulochi. Timapatula maselo oyera, ma lymphocyte, akadali amoyo, n'kuwagawa m'timaenje ta mbale yapulasitiki, ena paokha, ena pamodzi ndi beryllium sulfate wa mphamvu zitatu zosiyana. Timawalera pamalo ofunda kwa masiku angapo, mpaka pafupifupi sabata, ndipo timawakolola kawiri pa masiku osiyana. Ngati thupi la munthuyo layamba kudana ndi beryllium, maselo omwe tawaikira beryllium amaswana kwambiri kuposa aja tinawasiya paokha. Kuswanako timakuyeza ndi thymidine wokhala ndi radiation pang'ono, amene selo limamutenga likamagawikana. Mphamvu zitatu, masiku awiri, ndiye pamatuluka manambala 6. Awiri kapena kuposerapo akakwera timalemba abnormal, imodzi yokha ikakwera ndi borderline.

Tsono maselowo akafera panjira, palibe chomwe mwagula. Magazi amatengedwa m'machubu a heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, salowa m'firiji, sasiyidwa m'galimoto yotentha, ndipo afike palabu mawa lake lomwelo. Ndege ikalephera kunyamuka chifukwa cha nyengo, bokosi n'kugona padepoti, zotsatira zimatuluka zosawerengeka ndipo munthu uja akabayidwenso. Malabu ochita zimenezi ndi owerengeka: National Jewish Health ku Denver, labu ya ORISE ku Oak Ridge, Tennessee, ndi Cleveland Clinic ku Ohio ndiwo mayina omwe mudzawamve kawirikawiri.

Wamsonkho:
Owerengeka, koma mwatchula atatu. Atatu ndi mpikisano kale umenewo. Ine ndikangomva kuti "awa okha ndiwo amatha" ndimagwira thumba. Ndalama za misonkho zimadyedwa chonchi, wina ali ndi mnzake kwinakwake, basi zaka zisanu zatheka.

Wa mu Labu:
Sindinati asapikisane, bambo. Ndati adziwe chomwe akugula.

Gogo wa Makontrakiti:
Ndinakalambira pantchito imeneyi, tsono mundilole ndiyale pang'ono.

A Zogula, dziwani kaye mwaima pati. Ofesi ya boma ikamagula yokha imatsata FAR, malamulo a boma ogulira katundu ndi ntchito, ndipo ntchito yoposa $25,000 kawirikawiri imalengezedwa pa webusaiti ya boma ya SAM.gov. Koma malo ambiri a DOE, unduna wa za mphamvu womwe umayang'aniranso zida za nyukiliya, monga Y-12, Pantex, Los Alamos ndi Hanford, amayendetsedwa ndi makampani, ndipo kampani ikamagula imatsata ndondomeko yake yomwe boma linavomereza. Woluza pa kontrakiti ya boma angakadandaule ku GAO, ofesi yofufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma, yomwe imagamula pasanathe masiku 100, koma za ma subcontract, makontrakiti omwe kampani yapereka kwa ena, GAO kawirikawiri siziilowa. Kwa inu, amene adzakugwireni pakhosi ndi oditala, ndipo chomwe adzafune ndi pepala lofotokoza chifukwa chomwe munasankhira amene munasankha.

Lamulo silikakamiza munthu kutenga wotchipa. Njira ya LPTA ndiyo imati mwa onse okwanitsa zomwe mwalemba, wotsika mtengo wawina. Ilipo ina yoyeza ubwino ndi mtengo pamodzi, ndipo mumaloledwa kulipira zochulukirapo bola mulembe chifukwa chomveka. LPTA ndi yabwino pogula mipando ndi mapepala. Apa ndingaiope, pokhapokha zofunika zanu mutazilemba mothina kwambiri.

Yambani ndi sources sought, chilengezo chongofunsa kuti ndani angathe. Akayankha mmodzi, muli ndi umboni wolembera sole source, kugula kwa mmodzi popanda mpikisano. Akayankha atatu, apikisanitseni. Adokotala anuwo mwina mfundo ali nayo, koma ailembe. "Timagwirizana nawo" si mfundo.

Chenjerani ndi apakati. Pa NAICS, manambala omwe boma limasanjira mitundu ya mabizinesi, nambala ya malabu a zachipatala ndi 621511, ndipo pansi pake pali makampani ankhaninkhani. Ena adzalemba kuti amachita BeLPT pamene chomwe amachita n'kulandira machubu n'kuwatumiza kwa mmodzi mwa omwe atchulidwa pamwambapa. Mwangoonjezera wodyapo ndi maola apanjira. Funsani dzina la labu yomwe idzalere maselo, ndi ziphaso zake za CLIA ndi CAP, zotsimikiza kuti labu ndi yovomerezeka. Lamulo la OSHA, bungwe la boma loona za chitetezo cha ogwira ntchito, nalo limafuna labu yovomerezeka motero.

Wa Zogula:
Zikomo agogo. Ndiye ndiike mtengo wa kuyeza kumodzi, ife n'kumaitanitsa malinga ndi kuchuluka kwa anthu?

Gogo wa Makontrakiti:
Eya, ambiri amachita kontrakiti yotero, yomwe amati IDIQ, chaka chimodzi choyambira ndi zaka zina zoonjezera ngati mwakhutira. Koma mtengo wa kuyeza kumodzi umanamiza. Amalipira machubu ndi mabokosi ndani? Ndege yausiku ndani? Magazi akafika mochedwa n'kuwonongeka, bilu ikupita kwa ndani? Zotsatira zikatuluka zosawerengeka chifukwa cha vuto la labu, kubwereza n'kwaulere kapena ayi? Amalandira magazi masiku ati pasabata, ndipo angalandire angati patsiku limodzi? Amene waoneka wotchipa pamzere woyamba akhoza kukhala wodula mukaphatikiza zonsezi. Ndipo onetsetsani tsiku lothera kontrakiti. Chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 October, ndipo ndaonapo ntchito zikuima pakati chifukwa yakale yatha yatsopano isanasainidwe. Mipando ingadikire, koma munthu wongouzidwa kumene kuti zotsatira zake ndi abnormal sangadikire miyezi iwiri kuti mapepala akhale bwino.

Wa mu Labu:
Ndionjezere chomwe chingakhumudwitse adokotala ndi a Wamsonkho onse pamodzi. Magazi a munthu mmodzi, otengedwa nthawi imodzi, mukawagawa n'kutumiza ku malabu awiri, si nthawi zonse pamene mayankho amafanana. Kafukufuku wa mu 2004 wa anthu ogwira ntchito m'malo a DOE anapeza kuti kuyeza kamodzi kokha kumaphonya anthu pafupifupi 3 pa 10 alionse omwe thupi lawo layambadi kudana ndi beryllium. Kunamizira munthu wabwinobwino kumachitika mwa apo ndi apo, koma kuphonya ndiko kwambiri. Munthu yemwe akumwa prednisone kapena mankhwala ena ofooketsa chitetezo, maselo ake akhozanso kukhala chete.

N'chifukwa chake sitimangira munthu pa kuyeza kumodzi. OSHA imati munthu watsimikizika akakhala ndi abnormal ziwiri, kapena abnormal imodzi ndi borderline imodzi, kapena borderline zitatu, mkati mwa zaka zitatu. Zotsatira zikapanda kukhala zabwinobwino, apatsidwe mwayi woyezedwanso pasanathe masiku 30. Ndipo malo ambiri pobwereza amagawa magazi ku malabu awiri. Ndiye funso lanu achimwene si lakuti labu imodzi iti. Mufunika yaikulu yomwe mukhale nayo kwa zaka kuti zotsatira zizifananizika, ndi yachiwiri ya magazi ogawa. Ikani zonse ziwiri m'dongosolo lanu kuyambira pachiyambi.

Wamsonkho:
Aaa, ndiye zafika poipa. Boma likulipira kuyeza komwe kumaphonya 3 pa 10? Ndikanakhala ine wogulitsa katundu wotero bwenzi atandithamangitsa.

Nesi wa Pafakitale:
Mukanathamangitsidwa kukanakhala china chabwino kuposa chimenecho, bambo. Chithunzi cha pachifuwa ndi kuyeza mphamvu ya mapapo zimaona matenda atayamba kale kuwononga. BeLPT imaona munthu asanayambe n'kutsokomola komwe. Kuphonyako timakuchepetsa pobwereza: pansi pa OSHA zaka ziwiri zilizonse, pansi pa lamulo la DOE la 10 CFR 850 chaka chilichonse kwa omwe akugwira ndi beryllium panopa, ndi zaka zitatu zilizonse kwa omwe anakhudzanapo naye kale.

Koma ine ndikufuna mumve mbali yomwe simaoneka pamapepala a kontrakiti. Kuyezaku n'kosakakamiza. Kampani iyenera kupereka mwayi kwaulere, koma munthu ali ndi ufulu wokana, ndipo okana alipo. Tangoganizani bambo wa zaka makumi anayi ndi mphambu, katswiri pamakina osema zitsulo, wakhala pampando wanga, dzanja lamalaya wapinda kale, n'kufunsa motsitsa mawu kuti "Sisitala, zikatuluka zoipa abwana adziwa?" Sakuopa singano. Akuopa kuchotsedwa pamakina pomwe pali ovataimu, akuopa kuti kampani ina sidzamulemba.

Yankho lomwe ndimapereka limachokera m'lamulo. Pansi pa OSHA, zotsatira zonse zimapita kwa mwini wake. Abwana amangolandira kalata yaifupi: tsiku lomwe anayezedwa, kuti kuyeza kunatsata lamulo, kuti wafotokozeredwa, ndi ngati pali choletsa pa kuvala chophimba kumphuno kapena zovala zodzitetezera. Zoti achotsedwe pafumbi kapena atumizidwe kwa akatswiri a mapapo zimalowa m'kalatamo pokhapokha iye atasainira. Akasankha kuchoka pafumbi, malipiro ake oyambira ndi udindo wake zimasungidwa kwa miyezi 6. Ku DOE chitetezo chotere chimatha kufika zaka ziwiri.

Tsono a Zogula, mulembe momveka kuti labu itumiza zotsatira kwa dokotala yekha. Osati ku ofesi yanu, osati kwa a HR, ndipo pa invoice pasaoneke dzina la munthu pambali pa mawu oti "kubwereza". Kalaliki wa malipiro akaona dzina lomwelo katatu m'miyezi iwiri, wadziwa kale. Nkhani ikangotuluka kamodzi, mwezi wotsatira pampando wanga sipakhala munthu.

Wa Zogula:
Za invoice zija ndazilemba pompano. Zikomo mayi.

Wophunzira:
Pepani akuluakulu, ine ndikadali pasukulu. Abnormal ndiye kuti munthu wadwala?

Nesi wa Pafakitale:
Ayi mwanawe. Ndiye kuti thupi layamba kudana ndi beryllium, koma mapapo akhoza kukhala abwinobwino. Matenda enieni, omwe amati chronic beryllium disease kapena CBD, ndi pamene maselo achitetezo aunjikana m'mapapo n'kupanga timibulu totchedwa granuloma, kenako zipsera. Munthu amayamba befu pokwera masitepe, chifuwa chouma, kutopa, kuonda, thukuta lausiku. Kuti atsimikize amalowetsa kapaipi m'mapapo, kutsuka pang'ono n'kutenga kanyama kokayeza. Kafukufuku wa ku National Jewish wa mu 2005 anaona kuti mwa anthu omwe ankawatsatira, 6 mpaka 8 pa 100 ankasanduka odwala chaka chilichonse. Ena amakhala moyo wonse osadwala. Mankhwala ochiziratu palibe, amangochepetsa ndi prednisone ndi ena ofanana naye.

Wokonda Mbiri:
Ndipo matendawa amafanana kwambiri ndi sarcoidosis, matenda ena opanga timibulu totero m'mapapo, moti dokotala wosafunsa za ntchito ya munthu amalemba sarcoidosis n'kupitirira. Zinayamba choncho kale. Anthu opanga mababu aatali a fluorescent ku Salem, Massachusetts, atayamba kudwala, matendawo ankatchedwa sarcoid ya ku Salem, mpaka mu 1946 pamene Harriet Hardy ndi Irving Tabershaw analemba za odwala 17 n'kuloza beryllium. Mu 1949 bungwe la Atomic Energy Commission linaika malire a ma microgram 2 pa kiyubiki mita ya mpweya. Nambala imeneyo OSHA inaitenga mu 1971 ndipo inakhala mpaka January 2017, pamene inatsitsidwa kufika 0.2. Zaka pafupifupi 70 nambala imodzi.

Chomwe chinagwedeza anthu ndi Rocky Flats ku Colorado, komwe ankapanga zigawo za mabomba a nyukiliya. Wodwala CBD atapezeka kumeneko mu 1984, anayamba kuyeza anthu ambiri, ndipo mwa omwe magazi awo anaonetsa vuto munali mlembi wa mu ofesi ndi mlonda, anthu oti sanasemepo chitsulo. Lamulo la DOE la December 1999 linabadwa ndi mbiri imeneyi. Ndiye a Wamsonkho, boma silikuyeza anthu chifukwa chokoma mtima. Linawaika lokha m'fumbimo.

Wamsonkho:
Pamenepo sinditsutsa. Ngongole ndi ngongole. Changa n'choti ilipidwe poyera, osati m'chipinda.

Wophunzira:
Nanga bwanji osangosiya kugwiritsa ntchito chitsulocho?

Wokonda Mbiri:
N'chopepuka kuposa aluminiyamu koma n'cholimba zedi, ndipo sichipindika wamba kukazizira kwambiri. Magalasi 18 a telesikopu ya James Webb, yomwe inaulutsidwa pa 25 December 2021, ndi a beryllium wopakidwa golide. Amapezekanso m'timawindo ta makina a X-ray, m'zida za ndege, ndiponso wosakaniza ndi kopa, pafupifupi 2 pa 100, m'timasipuling'i ta zamagetsi ndi m'masipanala osathetheka moto. Miyala yake imakumbidwa ku Utah. Chitsulo chili phee sichivulaza munthu. Vuto limayamba pochisema, kuchipala, kuchiwotcherera kapena kuchisungunula.

Wophunzira:
Ndinamvanso kuti pali jini yomwe imachititsa. Osangoyeza jiniyo polemba ntchito bwanji, omwe ali nayo asalowe?

Wa mu Labu:
Ilipodi, HLA-DPB1 yokhala ndi Glu69, ndipo odwala CBD ambiri ali nayo. Koma anthu wamba ochuluka zedi alinso nayo ndipo sadzadwala, pamene odwala ena alibe. Mungathamangitse khamu la anthu osalakwa n'kusiyabe ena pangozi. Komanso lamulo la GINA la mu 2008 limaletsa olemba ntchito kusankha anthu potengera majini awo. Zimenezo zisayandikire n'komwe kontrakiti ya a Zogula.

Woyeza Fumbi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma mundilole ndisokoneze. Nonse mukukamba za magazi ngati ndiwo chitetezo. Munthu akafika pa abnormal ndiye kuti ife oyang'anira mpweya tagonja kale pa munthu ameneyo. Kuyeza anthu chaka ndi chaka fumbi lili pomwepo n'kukolopa pansi denga likudonthabe.

Ndinalowapo m'shopu ina momwe mapepala a magazi anali mwadongosolo, fayilo iliyonse pamalo pake. Nditakwera pamakwerero n'kupukuta pamwamba pa paipi yamagetsi ndi kansalu koyezera, kanabwera kotuwa. Pansi pake munthu akuphulitsa tizidutswa pamakina ndi mpweya wa kompuresa, jekete lomwe apite nalo kunyumba lili pampando pomwepo. DOE imati pamalo ogwirira ntchito fumbi lotsala lisapose ma microgram 3 pa masikweya sentimita 100, ndipo chida chotuluka kupita kwa anthu wamba chisapose 0.2. Tinthu timeneti ndi maso simungatione. Ndipo si mphuno yokha, khungu long'ambika nalo ndi khomo.

Phindu lenileni la BeLPT kwa ine ndi pamene dokotala achotsa mayina n'kundiuza kuti atatu mwa omwe atsimikizika amagwira m'chipinda chimodzi, kapena onse ndi okonza mapaipi otulutsa mpweya. Pamenepo ndimadziwa kokasaka. Ndiye kontrakiti inene kuti labu ipereka zotsatira m'njira yoti dokotala angazisanje, ndi manambala onse 6, osati liwu limodzi lokha. Malo a DOE amayeneranso kutumiza uthenga wopanda mayina ku kaundula wa ogwira ntchito ndi beryllium yemwe amasungidwa ndi ORISE. Ngati labu yanu ikutumiza mapepala a fakisi osawerengeka bwino, wina adzakhala pansi kukopera pamanja, ndipo zolakwika zimalowera pamenepo.

Nesi wa Pafakitale:
Simunasokoneze achimwene, mwanena zomwe timakangana ndi mabwana chaka chilichonse. Ndalama ya magazi imatuluka msanga chifukwa lamulo laitchula ndi dzina. Ya makina okoka fumbi ndiye "tidzaona chaka chamawa".

Wamsonkho:
Apa ndiye tagwirizana koyamba. Kulipira labu zaka makumi awiri kapena kukonza paipi kamodzi, wamsonkho aliyense akudziwa chomwe angasankhe.

Woyeza Fumbi:
Osathamanga bambo, si chimodzi kapena chinzake. Ngakhale mutakonza lero, omwe anapuma fumbi zaka zapitazo muwayezabe. Matendawa amatha kudikira zaka 20 kapena kuposerapo.

Wa Yuniyoni:
Mawu amenewo ndi omwe ndimadikira. Ine ndimathandiza opuma pantchito kulemba mafomu a chipukutamisozi, ndipo chomwe chimatigwetsa ulesi ndi mapepala otayika. Pansi pa lamulo la EEOICPA la mu 2000, lomwe limayendetsedwa ndi Department of Labor, wogwira ntchito m'malo a zida za nyukiliya yemwe wapezeka ndi CBD amalandira $150,000 ndi chithandizo cha kuchipatala pansi pa gawo la lamuloli lotchedwa Part B. Yemwe thupi langoyamba kudana ndi beryllium salandira ndalamayo, koma boma limamulipirira kuyezedwa mapapo nthawi ndi nthawi. Kwa zaka zambiri chomwe ankavomereza ndi abnormal basi, munthu wa ma borderline okhaokha ankabwezedwa. Mu December 2023 lamulo linasintha, borderline zitatu mkati mwa zaka zitatu zikuwerengedwa tsopano.

Onani tanthauzo lake. Pepala la borderline lomwe wina analiona ngati lopanda ntchito, lero ndi umboni. Ndakhalapo ndi mayi wamasiye patebulo, atakhuthula chikwama chonse cha makalata a amuna awo, tikusaka pepala limodzi la labu. Kampani yomwe inkayendetsa malowo inasintha, chipatala cha pamalopo chinapita kwa ena, aliyense akuloza mnzake. A Zogula, lembani kuti zotsatira ndi za ndani, zisungidwa kuti, kwa zaka zingati, ndipo kontrakiti ikatha zidzaperekedwa kwa ndani ndi m'njira yotani. Wogwira ntchito aliyense apatsidwenso kope lakelake m'manja.

Gogo wa Makontrakiti:
Ndipo ndime imeneyo muimangirire ku malipiro omaliza. Asalandire ndalama yotsiriza mafayilo asanaperekedwe ndi kutsimikizidwa kuti akutseguka. Mukangolemba kuti "adzapereka" popanda chomugwira, mudzathamangitsa munthu woti wapita kale.

Wophunzira:
Nanga omwe anachoka kale pantchito amayezedwa ndi ndani?

Wa Yuniyoni:
Omwe anagwira m'malo a DOE ali ndi Former Worker Medical Screening Program, yomwe inayamba m'ma 1990. Kuyeza n'kwaulere ndipo BeLPT ilimo kwa omwe anakhudzana ndi beryllium. Ndalama zake ndi zosiyana ndi za kontrakiti ngati ya a Zogula, zimadutsira m'mayunivesite, mabungwe a ogwira ntchito ndi ena omwe DOE inagwirizana nawo. Ovutika ndi omwe anagwira m'makampani wamba, m'malabu opanga mano oikirira, m'malo ophwanya zida zakale zamagetsi, kapena m'madoko okonzera zombo komwe amapala dzimbiri ndi zinyalala za malasha zokhala ndi beryllium pang'ono. Iwo akachoka pantchito, amene angawakumbutse zoyezetsa ndi dokotala wawo yekha, ngati wafunsa kuti ankagwira ntchito yanji.

Nesi wa Pafakitale:
Pamenepo OSHA inasiya kampata kamodzi: munthu woyenera kuyezedwa apatsidwe mwayi woyezedwa pochoka ntchito, pokhapokha ngati anayezedwa m'miyezi 6 yapitayo. A Zogula, powerengera kuchuluka kwa magazi pachaka muphatikizepo ochoka ndi olowa kumene, osati okhawo ali m'kaundula lero. Chaka chomwe kampani ichotse anthu ambiri nthawi imodzi, labu idzalandira machubu ochuluka m'masabata ochepa, ndiye afunseni pano kuti angakwanitse angati pasabata.